Kuchokera pa Kusuma Kufika pa Fomu ya pa Intaneti: Mbiri ya Mmene Midzi Yathu Yapemphera Thandizo pa Chilala

Mbiri ya gulu lathu aifotokoza kale akuluakulu amene analipo pachiyambi, choncho ine ndasankha nkhani imene imabwera pa WhatsApp pathu paja nthawi iliyonse mvula ikadula kumudzi. Wina amatumiza chithunzi cha chimanga chopserera chisanamasule, wina n'kufunsa kuti, "Kodi m'malo mongosonkha tokha, bwanji osalemba pulopozo kuti mabungwe atithandize mjigo ndi sola?" Ndiye poti ntchito yanga ndi yolemba mapulogalamu a kompyuta, yankho limakhala lomwelomwelo: "Mwana wa makompyuta uja atilembera." Mafomu amenewa ndawadzazapo angapo, ndipo ndi amene anandipangitsa kufufuza kumene mchitidwewu unachokera.

Chimene ndapeza n'chakuti kupempha thandizo pa chilala si kwachilendo kwa ife. Chimene chakhala chikusintha ndi munthu wolemba pempholo, chilankhulo chimene akulembera, ndi mtunda umene ulipo pakati pa wopempha ndi wopemphedwa. Mtunda umenewu wakhala ukutalika, moti lero cholembera chafika m'manja mwa ife amene tili kuno ku England. N'chifukwa chake ndi bwino tidziwe zimene zinachitikira anzathu amene anachigwirapo kale.

Pamene pempho linali la pakamwa

Chichewa chili ndi mawu akeake a nkhaniyi: kusuma. Njala ikagwa, munthu ankanyamula dengu kapena thumba n'kupita kudera kumene kwakololedwa. Kumeneko ankalima m'munda mwa mwini chakudya, kapena kusinthanitsa ndi mbuzi, khasu kapena mphika, kapenanso kudalira chibale. Wopempha ndi wopereka ankaonana maso ndi maso, ndipo onse ankadziwa kuti chaka china zinthu zikhoza kutembenuka. Ngati chilala chakuta dera lonse, mafumu ankasonkhanitsa zopereka za anthu awo n'kutumiza nthumwi ku malo a nsembe za mvula, monga kwa Mbona ku Khulubvi m'boma la Nsanje kapena kwa Makewana ku Msinja. Za chikhulupiriro chimenecho si nkhani yathu pano. Chimene ndikufuna tione n'chakuti mudzi unkadzilankhulira wokha, ndipo sunkapita chimanjamanja.

Ena ayamba kutilembera

Mapempho oyamba a papepala okhudza njala ya kwathu analembedwa ndi alendo. Amishoni amene anakhazikika ku Magomero mu 1861 anakumana ndi chilala ndi njala yoopsa ya 1862 ndi 1863, nthawi yomwenso malonda a akapolo anali atasokoneza dera la mtsinje wa Shire. Makalata awo ankapita ku England, m'Chingerezi, kufotokozera anthu a kuno za anthu a kwathu amene sakanatha kuwerenga zimene zalembedwa za iwo.

M'nthawi ya atsamunda zinakhala choncho mwalamulo. Mu 1940 Nyumba ya Malamulo ya ku London inakhazikitsa lamulo lopatula ndalama za chitukuko cha maiko olamulidwa ndi Britain. Kuti Nyasaland ipeze ndalamazo, boma la ku Zomba linkayenera kulemba ndondomeko ya ntchito ndi mtengo wake n'kutumiza ku London kuti akavomereze. Tinganene kuti amenewo anali mapulopozo a nthawi imeneyo. Koma wolemba anali mzungu wa mu ofesi, ndipo munthu wa ku Lunzu kapena ku Chikwawa analibe khomo loti angagogodepo ndi pepala lake.

Zotsatira zake zinaoneka pa njala ya 1949. Mvula inadula kumapeto kwa 1948 ndi kumayambiriro kwa 1949, ndipo Chigawo cha Kumwera chinapsa. Agogo anga aakazi, amene anakulira cha ku Lirangwe, ankawerengera zaka za anthu kuchokera pa "njala ya fote naini". Ukawafunsa kuti mayi akutiakuti ndi aakulu bwanji, ankayankha kuti pa njala ija anali ali kumsana. Boma la bwanamkubwa Geoffrey Colby linaitanitsa chimanga, koma chambiri chinali chogulitsa, ndipo anthu olembedwa ntchito m'boma ndi m'makampani ndi amene ankachipeza mosavuta. Katswiri wa mbiri Megan Vaughan, m'buku lake la 1987 lofotokoza za njalayi m'boma la Blantyre, anaonetsa kuti amene anavutika kwambiri anali amayi opanda amuna pakhomo, okalamba ndi ana. Amuna ambiri anapita kukasuma kapena kubwerera kwawo, ena osabwereranso, pamene ogawa chakudya ankangoganiza kuti mayi aliyense ali ndi mwamuna womudyetsa. Misasa yodyetserako anthu ofooka inatsegulidwa mochedwa, kumayambiriro kwa 1950. Thandizo linalipo ndithu, koma amene analikonza sanafunse eni njala kuti pakhomo pawo pali ndani.

Ngalande za ku Chingale

Mbali ya mbiriyi imene imandisangalatsa kwambiri inayamba mu 1968 kwa Chingale, kuseri kwa phiri la Zomba. Kumeneko ogwira ntchito za chitukuko cha m'midzi, pamodzi ndi injiniya Lindesay Robertson, anayesa kutenga madzi a mumtsinje wa m'phiri n'kuwatsitsira kumidzi m'mapaipi, popanda injini ina iliyonse. Mgwirizano wake unali wosavuta kuumva. Boma ndi mabungwe opereka thandizo ankabweretsa mapaipi, simenti ndi amisiri. Anthu a m'midzi ankakumba ngalande ndi makasu awo, mudzi uliwonse tsiku lake, ndipo mpopi uliwonse unkakhala ndi komiti yake. Mafumu a madera ena ankawatengera kwa Chingale kuti akaone okha madzi akutuluka, n'kubwerera kwawo kukafunsa anthu ngati ali okonzeka kukumba. Ntchitoyi inafalikira ku Mulanje, ku Phalombe ndi m'maboma ena okhala ndi mapiri, ndipo maiko ena ankabwera kudzaphunzira. M'zaka zomwezo mipingo ya m'Malawi inakhazikitsa bungwe la Christian Service Committee, limene linkathandiza midzi pa zitsime, mijigo ndi ntchito zina zodzithandiza.

Ngakhale mjigo umene tonse tinakula tikupopa uja uli ndi mbiri ya mtundu womwewu. Pampu ya Afridev inayambira ku Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ikutchedwa Maldev, kenako inakamalizidwa ku Kenya. Akatswiri anali ataona kuti mijigo yakale ikawonongeka inkakhala miyezi ikudikira galimoto ya boma. Choncho anakonza pampu yoti anthu a m'mudzi angathe kuimasula ndi sipanala, kusolola ndodo zake ndi manja, n'kusintha labala yotha popanda kuitana munthu wa kutauni.

Tisaiwale kuti inali nthawi ya chipani chimodzi, ndipo mawu akuti "kudzithandiza" nthawi zina ankabisa kukakamiza. Komabe pa nkhani ya madzi, anthu ankadziwa chimene akukumbira, ndipo pempho lawo linkaoneka ndi maso: linali ngalande yokumbidwa kale, yongodikira paipi.

Chilala cha 1992 ndi kubwera kwa MASAF

Chilala cha 1992 chinakuta kumwera konse kwa Africa. Ku Malawi zokolola za chimanga zinatsika kupitirira theka poyerekeza ndi chaka cha m'mbuyo mwake, pamenenso dziko linali likusunga anthu pafupifupi miliyoni imodzi othawa nkhondo ya ku Mozambique. Chaka chomwecho, pa 8 Malichi, kalata ya maepiskopi a Chikatolika inawerengedwa m'matchalitchi, ndipo mu Meyi maiko opereka thandizo atakumana ku Paris anaimitsa thandizo lonse kupatula lopulumutsa miyoyo. Apa dziko linaphunzira kuti ndalama za kunja zimayendera limodzi ndi ndale. Pambuyo pa referendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994, mabungwe omwe si a boma anachuluka ngati bowa, ndipo mawu akuti pulopozo analowa m'Chichewa cha tsiku ndi tsiku.

Chinthu chachikulu cha m'zaka zimenezo chinali MASAF, thumba la chitukuko limene linayamba chapakati pa zaka za m'ma 1990 ndi ndalama za World Bank. Kwa nthawi yoyamba mudzi unapatsidwa mwayi wolemba wokha pempho la ndalama za boma. Anthu ankakumana pansi pa mtengo n'kusankha chimene akufuna, kaya ndi buloko ya sukulu, mlatho, mjigo kapena chipatala chaching'ono. Ankasankha komiti, kudzaza fomu, kuumba njerwa, kututa mchenga ndi miyala. Akuluakulu a kuboma ankabwera kudzaona ngati njerwazo zilipodi. Pempho likavomerezedwa, ndalama zinkalowa mu akaunti ya kubanki ya komitiyo, ndipo msungichuma wa m'mudzi, mwina mayi amene sanapite patali ndi sukulu, ndi amene ankasayina cheke ndi kusunga malisiti. Kunalinso ntchito zolambula misewu zimene anthu ankalandirapo ndalama m'miyezi ya njala.

Mavuto analipo. Midzi yokhala ndi mphunzitsi wopuma kapena munthu wodziwa njira za kuboma ndi imene inkafulumira, pamene yakutali ndi msewu inkatsalira. Andale nawonso ankakonda kuima kutsogolo kwa buloko yatsopano ngati kuti ndalama zatuluka m'thumba mwawo. Koma ambiri mwa ife a msinkhu wanga tinaphunzira m'makalasi olembedwa dzina la MASAF pakhoma, ndipo makolo athu akhoza kukuuzani kuti njerwa zake anaumba ndani.

Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 linakhazikitsa njira imene ikugwirabe ntchito lero. Zofuna za mudzi zimayambira ku komiti ya chitukuko ya kwa gulupu, ya VDC ija, n'kupita ku ADC ya kwa mfumu yaikulu, kenako ku khonsolo kuti zilowe m'ndondomeko ya chitukuko ya boma lonselo. Aliyense wofuna kukumba mjigo kumudzi popanda kudutsa njira imeneyi akhoza kupeza kuti malo omwewo bungwe lina lawalemba kale, pamene mudzi wa kutsidya ulibe kalikonse.

Fomu ikula, mudzi utalikira

Ine njala ya 2002 ndimaikumbukira pang'ono chabe, ndinali wamng'ono. Ndimakumbukira mizere ya pa ADMARC ndi anthu obwera pakhomo kudzapempha gaga. Zokolola za 2001 zinali zochepa, chimanga cha m'nkhokwe za dziko chinali chitagulitsidwa, ndipo pamene pulezidenti Bakili Muluzi ankalengeza za ngoziyi mu Febuluwale 2002, anthu anali atayamba kale kumwalira. Mu 2005 kunabweranso ng'amba, ndipo boma la Bingu wa Mutharika linayambitsa makuponi a feteleza. Mu Epulo 2016, pambuyo pa chilala cha El Niño, pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pangozi, ndipo anthu opitirira 6 miliyoni anafunika thandizo la chakudya.

M'zaka zimenezi ndalama zinabwera zambiri, koma nazonso zofunika pa pempho zinachuluka. Nkhani za kusowa kwa ndalama, makamaka kubedwa kwa ndalama za boma kumene kunaululika mu 2013, zinachititsa opereka thandizo kumanga mipanda. Bungwe lopempha liyenera kukhala lolembetsedwa. Lamulo la mabungwe omwe si a boma linabwera mu 2001, n'kusinthidwa mu 2022. Pamafunika malamulo oyendetsera bungwe, akaunti yosayina anthu awiri kapena atatu, malipoti a zachuma owunikidwa ndi akatswiri, ndi mfundo zotetezera ana. Pamafunikanso tebulo lija lotchedwa logframe, limene linakonzedwera bungwe la USAID mu 1969, lofuna kuti ulembe cholinga, zotsatira, ntchito, ndi manambala oyezera chilichonse. Sindikunena kuti zimenezi n'zoipa. Ndalama za eni zimafuna umboni, ndipo paja walira mvula walira matope. Koma taganizirani komiti ya VDC ya ku Balaka kapena ku Neno itapatsidwa zonsezi m'Chingerezi. Mapeto ake mudzi umafuna munthu wapakati, ndipo wapakatiyo amalemba zimene akudziwa kuti opereka ndalama amakonda kumva.

Tsopano mafomu ambiri ali pa intaneti, ndipo apa ndilankhule ngati wa ntchito yomweyo. Ife olemba mapulogalamu timakonza fomu tili mu ofesi ya netiweki yothamanga, pa kompyuta ya sikirini yaikulu. Timaika lamulo loti munthu akakhala mphindi zingapo osalemba, tsamba litseke. Timaika bokosi lofuna nambala ya positi ya mtundu wa kuno, ndi lina lokana kupitirira mawu 300. Kwa ife ndi zinthu zazing'ono. Kwa mlembi wa komiti amene akugwiritsa ntchito foni yobwereka, bandulo ya tsiku limodzi, ataima pachulu kuti apeze netiweki, ndiye kuti khomo latsekedwa. Palibe amene wamukana, wangolephera kufika pa batani lomaliza basi.

Cholembera chili m'manja mwathu

Pa 23 Malichi 2024, pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lathu, patangotha chaka chimodzi namondwe wa Freddy atasakaza Kumwera. Zambia ndi Zimbabwe nawonso analengeza chimodzimodzi. Kenako mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake lakunja, ndipo pofika Julayi bungwe la USAID, limene linathandizapo ntchito ya mapaipi a m'midzi ija, linali litatsekedwa. Britain, imene inatsitsa kale thandizo lake kuchoka pa 0.7 kufika pa 0.5 peresenti ya chuma cha dziko mu 2021, yalengeza kuti ifika pa 0.3 peresenti pofika 2027. Chakudza sichiyimba ng'oma. Opempha achuluka, thumba lachepa, ndipo mabungwe akuluakulu okhala ndi antchito olembedwa kuti azingolemba mapulopozo akupikisana nafe pa tindalama tomwe kale sankatiyang'ana.

Pamenepa magulu ngati lathu ali ndi mwayi umene mudzi ulibe. Timadziwa Chingerezi cha mafomu, tili ndi intaneti, ndipo malamulo a kuno amatipatsa njira. Ku England ndi Wales gulu la zachifundo lopeza ndalama zopitirira mapaundi 5,000 pachaka limalembetsa ku Charity Commission, ndipo likavomerezedwa ndi a zamisonkho limatha kulandira mapeni 25 owonjezera pa paundi iliyonse imene wokhoma msonkho wapereka, kudzera mu Gift Aid. Anzathu a ku Scotland alinso ndi ubale wa boma lawo ndi Malawi umene unasayinidwa mu 2005. Koma mwayi womwewu ukutiika pampando umene anakhalapo amishoni a ku Magomero ndi alembi a ku Zomba aja: anthu olemba m'Chingerezi, ali kutali, za anthu amene sadzawerenga zimene zalembedwazo. Kukhala mwana wa m'mudzimo sikutiteteza ku zimenezi. Munthu amene wakhala kunja zaka khumi amakumbukira chitsime chimene chinaphwa kalekale ndi mfumu imene inamwalira.

Ndiye mbiriyi ikutiuza chiyani tikamakhala pansi kudzaza fomu?

Pempho liyambire kumudzi, ndipo pakhale umboni wake. Zokambirana za msonkhano wa VDC zolembedwa pamanja, zodindidwa ndi a gulupu, ndi kalata ya ku khonsolo, n'zamphamvu kuposa ndime yokoma imene ine ndingalembe. Tifunsenso kuti pamsonkhanopo amayi analankhula kapena anangokhala kumbuyo, chifukwa phunziro la 1949 ndi lomwelo, ndipo otunga madzi ndi iwowo.

Tisanatumize, tiwerengere komiti ya kumudzi pulopozo yonse m'Chichewa, pafoni, ndime ndi ndime. Ngati pali chiganizo chimene tikuchita nacho manyazi kuwawerengera, monga zija zowajambula ngati anthu osatha kudzichitira kalikonse, chimenecho chichoke. Ulendo wina titachita zimenezi, mayi wina wa m'komiti anatiimitsa n'kunena kuti malo amene alembedwawo ali pafupi ndi manda ndipo palibe angakatungeko. Mapu a pa kompyuta sakanatiuza zimenezo.

Tilembe momveka gawo la mudzi, monga ankachitira kwa Chingale ndi pa MASAF: mchenga, njerwa, malo, anthu ogwira ntchito, ndi ndalama zimene banja lililonse lizisonkha pamwezi zogulira zipangizo. Mjigo wa Afridev umakonzeka ndi sipanala, koma pampu ya sola ikapsa imafuna mmisiri ndi ndalama zambiri. Funso lakuti adzakonza ndani chaka chachitatu liyankhidwe m'pempho momwemo, osati pa WhatsApp madzi atasiya kutuluka.

Bajeti ikhale ndi tsiku, ndipo ikhale ndi kagawo ka zogwa mwadzidzidzi. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Pakati pa tsiku lotumiza fomu ndi tsiku lolandira ndalama pamadutsa miyezi yambiri, ndipo mtengo wa simenti ndi mapaipi sudikira. Akampani okumba mijigo tiwafunsenso msanga kuti amatani akaboola n'kupeza pouma.

Chomaliza, tisamadikire chithunzi cha chimanga chopserera. Mabungwe ambiri amalandira mapempho kamodzi pachaka, ndipo okumba amafuna nyengo yadzuwa, misewu ili youma. Pempho lolembedwa njala itafika kale limathandiza chilala chotsatira. Zaka zija tazitchula, 1992, 2002, 2005, 2016 ndi 2024, zikusonyeza kuti chotsatiracho sichikhala patali.

Pamene tikukondwerera zaka zimene gulu lathu lakwanitsa, pempho langa kwa akomiti n'lakuti tikonze mapepala athu nthawi ya mtendere ino: malamulo a gulu, akaunti, malipoti a chaka ndi chaka, ndi ubale weniweni ndi komiti imodzi kapena ziwiri za kumudzi zimene tiziyenda nazo kwa zaka zingapo. Achinyamata anzanga odziwa makompyuta, zowerengera ndalama ndi zomangamanga, bwerani tigawane ntchitoyi, mutu umodzi susenza denga. Ndipo inu akuluakulu amene munaumba njerwa za MASAF kapena kukumba ngalande za mapaipi musanabwere kuno, tikufuna mudzatifotokozere mmene zinkayendera, chifukwa zambiri mwa zimenezo sizinalembedwe paliponse.